Wojambula Zithunzi Wachinyamata Ndi Mmisiri, Tizimulipira

Pa msonkhano uliwonse umene timachititsa masiku ano, kaya ndi wa nthambi, wa dera kapena wa boma lonse, sipalephera kupezeka mnyamata kapena mtsikana wonyamula kamera. Amafika ife tisanafike, amaima padzuwa pamene ife takhala pamthunzi, ndipo amagwada m'fumbi kuti nkhope ya mlendo wolemekezeka ituluke bwino. Msonkhano ukatha, wapampando amathokoza mafumu, amayi ovina, apolisi ndiponso amene anatibwereka mipando. Mwana wa kamera uja amangouzidwa kuti, "Iwe, utitumizire zithunzizo madzulo ano." Kenaka magalimoto amanyamuka, iye n'kutsala akufunafuna ndalama yokwerera basi.

Ine amene ndikulemba pano ntchito yanga ndi yofalitsa nkhani, ndipo sindingabise kuti nanenso ndakhala ndikulakwa chimodzimodzi. Ndalandirapo zithunzi zambiri kwa ana a anzanga, ndazipereka kuti zisindikizidwe, koma osafunsa kuti mwanayo wawononga ndalama zingati, ndiponso osaonetsetsa kuti dzina lake lalembedwa pansi pa chithunzicho. N'chifukwa chake sabata ino ndafuna kuti tikambirane nkhaniyi mosapsatira mawu. Kujambula zithunzi ndi umisiri weniweni, wofanana ndi ukalipentala, utelala ndi umakaniko. Wachinyamata angathe kuuyamba akadali pa sukulu n'kumapezapo ndalama zoyera. Koma umisiri umenewu sungakule m'dziko muno ngati ife akuluakulu, makamaka atsogoleri ndi ogwira ntchito m'boma, tipitiriza kuuyesa masewera a ana amene malipiro ake ndi "zikomo" basi.

Amene tinakula m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 tikumkumbukira bwino wojambula wa panjinga. Ankafika m'mudzi Loweruka, kapena Lamulungu anthu akuweruka ku tchalitchi, kamera ili pakhosi. Tinkathamanga kukasamba, kudzola mafuta, kubwereka wotchi ya amalume kapena wailesi ya khomo loyandikana nalo kuti tioneke ngati anthu opeza bwino. Filimu imodzi inkalowa zithunzi 24 kapena 36, ndipo wojambulayo sankapita nayo kutauni kukatsukitsa isanadzaze. Motero tinkadikira masabata angapo, ndipo nthawi zina ankabwera ndi uthenga wachisoni wakuti zithunzi zapsa. Komabe panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankaganiza zojambulitsa ulere. Ngakhale munthu wosauka ankagulitsa nkhuku kuti ajambulitse banja lake, ndipo lero m'mabanja ambiri kachithunzi kameneko ndi kokhako kamene kakusonyeza adzukulu nkhope ya agogo awo amene anatisiya kalekale.

Chimene chasintha ndi chakuti filimu ija inatha ntchito. Zithunzi tsopano zimasungidwa m'kamera momwemo kapena m'foni, ndipo munthu amaziona nthawi yomweyo. Poona kuti palibenso filimu yogula, ambiri a ife tinayamba kuganiza kuti chithunzi chilibe mtengo. Kumeneku ndi kulakwa. Kamera ili ndi mtengo wake ndipo imatha monga chimathera chipangizo china chilichonse. Mabatire amafuna kutchajitsa, kakhadi kosungira zithunzi kamagulidwa, ulendo wopita ku msonkhano umalipiridwa, kutumiza zithunzi pa intaneti kumadya ndalama, ndipo kusindikiza pa pepala kuli ndi mtengo wakenso. Pamwamba pa zonsezi pali tsiku lathunthu la munthu, kuphatikizapo usiku umene amachezera akusankha zithunzi zabwino pakati pa mazanamazana. Tikalandira zithunzi osalipira, ndiye kuti mwana wa sukulu ndiye walipirira msonkhano wa anthu olandira malipiro pa mwezi.

Kuti tione kumene umisiri umenewu ungamufikitse mwana, tiyeni tichoke pang'ono kwathu kuno tipite ku Mali, dziko la kuzambwe kwa Africa. Mu mzinda wa Bamako munabadwa munthu wina dzina lake Seydou Keïta cha m'chaka cha 1921. Bambo ake anali kalipentala, ndipo iyenso anaphunzira ntchito yomweyo ali wamng'ono. M'chaka cha 1935 amalume ake pochokera ku ulendo wa ku Senegal anamupatsa kamera yaing'ono ya Kodak Brownie. Nthawi imeneyo mnyamatayo anali ndi zaka pafupifupi 14. Anayamba kujambula abale ake ndi anansi, akupitirizabe ukalipentala, nafunsa nzeru kwa amene anayamba kale ntchitoyi, monga Mountaga Dembélé. Situdiyo yakeyake anadzaitsegula m'chaka cha 1948, patapita zaka 13 chilandirireni kamera ija.

Situdiyo imeneyi sinali yodabwitsa. Keïta ankajambulira pabwalo la nyumba, ndipo kawirikawiri ankadalira kuwala kwa dzuwa. Nsalu yoyamba imene ankapachika kumbuyo kwa ojambulitsa inali yoyala pabedi pake. Ankasunga zovala, mawotchi, zolembera, wailesi, njinga ndi njinga yamoto kuti wojambulitsa asankhe chimene akufuna kuoneka nacho, monga mmene ife tinkachitira ndi wotchi ya amalume ija. Pofuna kusamala filimu, kawirikawiri ankajambula munthu kamodzi kokha, choncho ankayamba wamuimika bwino, kumukonza manja ndi mutu, asanadine. Anthu anamukonda chifukwa ankawaonetsa ulemu wawo pa chithunzi, ndipo ankabwera kwa iye kuchokera kutali. M'chaka cha 1962, dziko la Mali litalandira ufulu wodzilamulira mu 1960, analembedwa ntchito yojambula m'boma, ndipo anaigwira mpaka pamene anapuma mu 1977.

Gawo lotsiriza la mbiri yake ndilo likutikhudza kwambiri ife. M'chaka cha 1991 zina mwa zithunzi zake zinaonetsedwa pa chionetsero mu mzinda wa New York, koma popanda dzina lake. Anangolemba kuti wojambula wake ndi wosadziwika. Panafunika kuti munthu wina wa ku France, André Magnin, apite ku Bamako kukafunsa, ndipo wojambula mnzake Malick Sidibé ndiye anazindikira kuti imeneyo inali ntchito ya Keïta. Mwamwayi mkuluyo anali atasunga mosamala mafilimu ake otsukidwa kale zikwizikwi. Mu 1994 zithunzi zake zinaonetsedwa ku Paris m'dzina lake, ndipo pamene ankamwalira mu 2001 anali atadziwika pa dziko lonse. Mu 2016 nyumba yaikulu ya zionetsero ya Grand Palais ku Paris inachititsa chionetsero cha ntchito yake yokha. Lero amene akufuna kudziwa mmene anthu a ku Bamako ankavalira ndi kudzionera ufulu usanabwere, amayang'ana zithunzi za mwana wa kalipentala uja.

M'mbiri imeneyi muli zinthu zitatu zoti tigwiritse. Choyamba, panapezeka wamkulu amene anaika chipangizo m'manja mwa mwana. Chachiwiri, anthu a mu mzinda wake ankalipira ntchito yake, ndipo ndalama zimenezo ndizo zinamuthandiza kugula zipangizo zabwino ndi kukhazikika pa umisiri. Akanakhala kuti onse ankamuuza kuti "utitumizire", akanabwerera ku matabwa ndipo dziko lake likanataya chuma chachikulu. Chachitatu, dzina la mmisiri limatayika mosavuta ngati ogwiritsa ntchito zithunzi zake salilemba. Zimene anachita a ku New York mu 1991 ndi zomwezo timachita ife tikaika chithunzi m'lipoti la ofesi, pa chikwangwani kapena pa Facebook popanda kutchula amene anachijambula.

Ndikudziwa kuti ena mwa owerenga, makamaka aphunzitsi, ali ndi nkhawa yakuti mwana akalawa ndalama amaiwala sukulu. Nkhawa imeneyi ndi yomveka ndipo sindikuipeputsa. Taonapo ana akusiya makalasi chifukwa cha timakobiri ta geni, n'kudzalira atakula. Lamulo la za ntchito la m'chaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo limanenanso kuti wa zaka zapakati pa 14 ndi 18 asapatsidwe ntchito yoika moyo wake pachiswe kapena yomulepheretsa kupita ku sukulu. Lamulo limeneli tiyenera kulitsata ndi mtima wonse. Koma ubwino wa kujambula ndi wakuti ntchito yake yambiri imapezeka Loweruka, Lamulungu ndi pa tchuthi, pamene pamachitika maukwati, zinkhoswe, mipikisano ya mpira ndi maphwando a makwaya. Ndiponso wojambula wabwino amafuna masamu kuti awerengere phindu, Chingerezi kuti awerenge malangizo a kamera, ndi luso la kompyuta kuti akonze zithunzi. Mwana wolangizidwa bwino amaona yekha kuti kamera ikumubwezera m'kalasi. Mtsogoleri amene angatume mwana wa sukulu kukajambula msonkhano pa nthawi ya maphunziro ndiye wolakwa, osati kamera.

Ena akuti masiku ano aliyense ali ndi foni yojambulira, nanga wojambula ndi wachiyani? Yankho lake ndi lakuti pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi singano, koma matelala sanathe ntchito. Tonse tinaonapo zithunzi za ukwati zojambulidwa ndi achibale: mkwati wadulidwa mutu, mkwatibwi wada bii chifukwa dzuwa linali kumbuyo kwake, ankhoswe sakuoneka n'komwe. Chimene munthu amagula kwa wojambula ndi diso lodziwa poima, ndiponso chitsimikizo chakuti pa tsiku losabwerezeka pali munthu mmodzi amene sakudya, sakuvina, koma akuyang'anira zithunzi zokha. Komanso kuchuluka kwa mafoni kwatsegula msika umene kale kunalibe. Telala, kalipentala, wophika makeke ndi wogulitsa nkhuku onse akufuna zithunzi zooneka bwino za katundu wawo kuti aziike pa WhatsApp ndi pa Facebook.

Tsopano ndilankhule ndi inu achinyamata, ndipo ndikupempha makolo amene akuwerenga kuti akufikitsireni mawuwa. Musadikire kamera yodula. Yambani ndi chimene chilipo, kaya ndi foni ya pakhomo kapena kamera yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo phunzirani kaye za kuwala, pakuti chithunzi chimapangidwa ndi kuwala. Dzuwa la m'mawa ndi la madzulo limakometsa nkhope, pamene la masana limaika mithunzi m'maso. Choncho masana muimikeni munthu pamthunzi pamene pali poyera. Musanadine yang'anani chimene chili kumbuyo kwake, kuti mtengo usaoneke ngati wamera pamutu pake. Jambulani abale anu kambirimbiri musanalandire ndalama ya munthu aliyense.

Funani mmisiri woti akuphunzitseni, pakuti safunsa anadya phula. James Barnor wa ku Ghana, amene anabadwa mu 1929, anayamba mu 1947 kuphunzira ntchitoyi kwa mbale wake amene anali kale wojambula, nakhala pansi pake zaka ziwiri asanayambe yakeyake. Pambuyo pake anatsegula situdiyo yotchedwa Ever Young mu mzinda wa Accra, najambula Kwame Nkrumah ndi zochitika za nthawi imene Ghana ankalandira ufulu mu 1957. Kunyamula chikwama cha mmisiri pa ukwati si kunyozeka. M'menemo ndi mmene mungaphunzirire kuimika anthu makumi asanu kuti onse aoneke, kulankhula mwaulemu ndi apongozi okwiya, ndi kudziwa nthawi imene mphete ivalidwe kuti musaphonye.

Pa nkhani ya ndalama, gulani kope ndipo muzilembamo chilichonse: dzina la wojambulitsa, tsiku, mtengo umene mwagwirizana, zimene walipira ndi zimene zatsala. Musanatchule mtengo werengerani ulendo, kusindikiza, kutchajitsa ndi intaneti, kenaka muikepo mtengo wa thukuta lanu. Gwirizanani mtengo ntchito isanayambe, pamaso pa mboni ngati n'kotheka, ndipo landiriranitu gawo lina. Pa ndalama iliyonse imene mwapeza patulani yosunga kuti mudzagulire chipangizo china, chifukwa amene amadya zonse tsiku lomwelo amakalamba ndi kamera yobwereka. Mukalonjeza kuti zithunzi zituluka Lachitatu, zituluke Lachitatu. Muzisunganso zithunzi zonse malo awiri osiyana, zolembedwa tsiku ndi malo. Mawu akuti "foni inabedwa" ndi "zapsa" wa masiku ano, ndipo banja limene mwalitayira zithunzi za ukwati silidzakukhulupiriraninso. Kumbukirani kuti Keïta anapulumutsidwa ndi mafilimu amene anasunga.

Chachikulu kuposa zonsezi ndi mwambo. Kamera imapatsa mwana mphamvu pa anthu akuluakulu, ndipo mphamvu yopanda mwambo imawononga. Pemphani chilolezo musanajambule munthu, ndipo ngati ndi mwana pemphani kwa makolo ake. Musaike chithunzi cha wojambulitsa pa intaneti iye asanavomere. Taona khalidwe lonyansa la anthu ofika pa ngozi ya galimoto n'kuyamba kujambula ovulala m'malo mowathandiza, mpaka abale kumva za maliro kudzera pa foni za anthu osawadziwa. Wojambula wofuna kulemekezeka asachite nawo zimenezi. Akane ndithu kujambula zithunzi zolaula kapena zochititsa munthu manyazi, ngakhale atalonjezedwa ndalama zochuluka, pakuti zimenezi zimaononga mbiri ndipo zingamufikitse m'manja mwa apolisi.

Kwa makolo ndikuti, mwana akaonetsa chidwi pa kujambula musathamangire kumunena kuti wayamba uchitsiru. M'mera mpoyamba. Muuzeni malire: sukulu patsogolo, kubwera kunyumba dzuwa lisanalowe, ndipo kope la ndalama lija muziliona. Mwana wosakwana zaka 18 asapite yekha ku phwando la usiku kapena kunyumba kwa munthu wosamudziwa. Apite ndi mkulu wake kapena mmisiri amene akumuphunzitsa. Musaiwale ana aakazi. Pa chilangizo cha mkwatibwi, pa misonkhano ya amayi ndi m'chipinda chimene mkwatibwi akuvalira, wojambula wamkazi amalandiridwa momasuka kuposa wamwamuna, ndipo umenewu ndi msika umene atsikana athu angaugwire.

Ndibwerere kwa ife eni nkhaniyi, atsogoleri a m'nthambi ndi m'madera pamodzi ndi anzathu a m'maofesi a boma. Kalembera wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti m'dziko muno munali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka la iwo anali osakwana zaka 18. Palibe boma limene lingalembe ntchito ana onsewa m'maofesi. Pa nsanja timawauza tsiku ndi tsiku kuti adzidalire ndi kuyamba mabizinesi awo. Kodi mawu amenewa ali ndi tanthauzo lanji ngati mwana amene wamvera n'kuyamba bizinesi yake, kasitomala wake woyamba kumudyera masuku pamutu ndi ife amene? Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Palibe mmodzi wa ife amene angakondwe kuona mwana wake atapsa ndi dzuwa tsiku lonse n'kubwera kunyumba chimanjamanja.

Choncho ndikupempha zinthu zoti tingathe kuyamba mwezi uno, popanda kudikira lamulo latsopano. Pokonza ndondomeko ya ndalama za msonkhano, wojambula alembedwe pamodzi ndi zokuzira mawu, mafuta a galimoto ndi chakudya. Mtengo ugwirizanidwe msonkhano usanayambe, ndipo ulipidwe tsiku lomwelo, osati kumuyendetsa mwana ku ofesi miyezi itatu mpaka ndalama yokwerera basi ipose imene akudzalandira. Chithunzi chikatuluka m'nyuzipepala, m'lipoti kapena pa tsamba la ofesi, dzina la wojambula lilembedwe pansi pake. Lamulo loteteza ntchito za aluso la m'chaka cha 2016 limawerengera zithunzi pamodzi ndi nyimbo ndi mabuku pa ntchito zotetezedwa, ndipo ife amene timalimbikitsa anthu kumvera malamulo tiyenera kukhala oyamba kulilemekeza. Aphunzitsi aakulu alole magulu ophunzira kujambula m'sukulu zawo, monga alili magulu a zisudzo ndi a zachilengedwe. Alangizi a achinyamata m'maboma awauze ana za maphunziro a ntchito zamanja amene bungwe la TEVETA lakhala likuyang'anira chiyambire 1999, ndipo alimbikitse eni masitudiyo kulandira ophunzira.

Tikumbukirenso kuti zimene tikuchita lero, sukulu zimene tikutsegula, milatho imene tikumanga ndi misonkhano imene tikuchititsa, zidzadziwika kwa adzukulu athu kudzera m'zithunzi za ana omwewa. Ife amene timasunga mabuku a maofesi tikudziwa mmene zimavutira kupeza chithunzi cha chinthu chimene chinachitika zaka makumi anayi zapitazo, chifukwa wojambula wake sanalembedwe dzina ndipo palibe akudziwa kumene mafilimu ake anapita. Tisalole kuti zimenezi zichitikenso.

Kumbali yanga, ndayamba kale kufunafuna ana amene ndinagwiritsa ntchito zithunzi zawo osawalipira, kuti ndikonze mlandu wanga. Ndikupempha mlembi aliyense wa nthambi ndi mkulu aliyense wa ofesi kuti pa msonkhano ukubwerawu, asanakwere galimoto, amuitane mwana wa kamera uja, amufunse dzina lake, alilembe, ndipo amupatse malipiro ake m'manja.